Za Apudeti, ndi za Iwo Akuikana

Pali chiphunzitso china chimene chirikufala masiku ano m'midzi yathu ya kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo tiyesa kuti nthawi yakwana yakuti tichitsutse poyera. Chimveka pa msika wa Mponela, chimveka pa Madisi ndi pa Malomo, chimvekanso pansi pa mtengo pamene anthu alikulindira kuti msonkhano uyambe. Chiphunzitsocho chiti: Foni ikakuuza kuti ifuna apudeti, usalole, pakuti ndiwo msampha wa eni makampani wakudyera bandulo yako, chinthu chikamagwira nchito, chileke chikhale momwemo. Onena mau awa si ana okha iai. Ena ndiwo akulu a ulemu wao, odziwa kusunga mbeu ndi kuweruza milandu, ndipo chifukwa cha ulemu waowo ambiri awamvera osafunsa. Ife tinena kuti pa nkhani iyi asokera, nasokeretsanso anzao, ndipo tifuna kuonetsa chifukwa chache.

Kapena wina adzati, Kodi nkhani ya foni ndiyo yakudzaza nayo masamba awa? Inde, abale, pakuti foni ya lero yasanduka thumba la ndalama. Ndalama za fodya, za soya ndi za mtedza zipita pa Airtel Money ndi pa TNM Mpamba; fizi ya mwana wa ku sekondale ipita pomwepo; ndipo mwana wogwira nchito ku Johannesburg atumiza thandizo kwa amache, uthenga wache nufika pa foni. Ife a ku Dowa tinaona zotere poyamba ndithu: kuyambira Disembala 2006 kufikira Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide linagawa ndalama za njala m'boma lino mwa makhadi ozindikira chala cha mwini, banki ya Opportunity International Bank of Malawi nkumadza pa galimoto kumidzi. Mu 2017 anthu analembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2020 fetereza wotsika mtengo anayamba kugulidwa pakuonetsa chiphasocho ku makina. Zonsezi ziyenda ndi mapulogalamu. Chifukwa chache munthu wakunena kuti za mapulogalamu sizimkhudza, ayenera kuyamba wafunsa kumene kuli ndalama zache.

Tiyambe tamvana za chinthucho. Khasu ndicho chitsulo chokha. Ukaligula, nchito ya wosula yatha, ndipo lidzalima kufikira litaperepeseka. Koma m'foni muli zinthu ziwiri. Pali thupi lache, ndilo galasi, batire ndi timawaya, zimene munthu akhoza kuzigwira ndi manja. Palinso malangizo olembedwa, amene auza thupilo chochita pa kanthu kali konse: ukakhudza apa, tsegula ichi, nambala yachinsinsi ikalakwika, kana. Malangizo amenewo ndiwo pulogalamu, ndipo analembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere, monga mphunzitsi alemba pa bolodi. Apudeti ndiyo malangizo okonzedwanso, amene eni ache atumiza kuti alowe m'malo mwa akale. Tsono pali zifukwa zitatu zakuti malangizowo sangakhale osakonzedwa, ndipo tizitchula chimodzi chimodzi.

Choyamba ndi ichi, kuti olembawo ndiwo anthu, ndipo anthu aphonya. Yense wa ife aphunzitsi adziwa kuti mwana wochenjera koposa, polemba masamba asanu, sangalephere kusiya chilembo pena. Ngakhale osindikiza mabuku, atawerenga kawiri katatu, apeza cholakwa buku litatuluka kale, nachikonza posindikiza kachiwiri. Nanga taonani kukula kwa zolembedwa zimene tirikunenazi. Pulogalamu yaikulu ya Android, imene iri m'mafoni ambiri a kuno, yamangidwa pa ina yotchedwa Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991. Ndipo mizere ya Linux yapitirira mamiliyoni 30. Mukaisindikiza mizere 50 pa tsamba limodzi, masamba ache adzapitirira 600,000. Ndani angawerenge zonsezo ndi kulumbira kuti mulibe chophonya? Zolakwa zambiri zibisala kufikira anthu ochuluka atagwiritsa nchito pulogalamuyo m'njira zimene wolemba sanaziganizire; pamenepo zioneka, ndipo pamenepo zikonzedwa.

Zina zibisala zaka makumi. Olemba mapulogalamu a kale, pofuna kusunga malo m'makina amene anali ochepa nzeru, analemba chaka ndi manambala awiri okha, 75 m'malo mwa 1975. Zinayenda bwino kufikira chaka cha 2000 chitayandikira, pamene kunazindikirika kuti makina ambiri adzawerenga 00 ngati 1900, ndi kusokoneza chiwerengero cha ngongole, cha malipiro ndi cha zaka za anthu. Maboma ndi makampani a m'maiko ambiri anatha zaka alikukonza mapulogalamu ao, ndipo tsikulo litafika choipa chinali chochepa. Pamenepo onyoza anati, Mwaona, panalibe kanthu. Koma mau ao afanana ndi a munthu wakuseka mnzache amene analambula udzu pozungulira nkhokwe mwezi wa Ogasiti, nati, Unadzivutiranji, popeza nkhokwe yako siinapse?

Chachiwiri ndicho chachikulu, ndicho mbala. Pali anthu m'dziko lapansi amene nchito yao usana ndi usiku ndiyo kufunafuna ming'alu m'mapulogalamu, kuti alowerepo ndi kuba ndalama, kapena zinsinsi za anthu, kapena kutseka makina ndi kulipiritsa mwini kuti amtsegulire. Mbala yotere siisowa kuboola khoma kapena kuopa galu. Ikhoza kukhala kutsidya la nyanja ndi kulowa m'makina zikwi pa usiku umodzi. Eni mapulogalamu akapeza mng'alu atumiza chigamba chakuutseka. Microsoft ichita chomwecho pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uli wonse kuyambira mu 2003, ndipo Google itulutsa zigamba za Android mwezi ndi mwezi kuyambira mu 2015. Ndipo apa pali chinthu chimene okana apudeti sachilingalira: tsiku limene chigamba chituluka, mbala nazonso zichiwerenga, nizidziwa pamene pali mng'alu. Potero wakuzengereza sakhala monga analili dzulo. Choopsya chache chakula, pakuti tsopano khomo lache losatseka ladziwika kwa onse.

Umboni wache ulipo. Pa 14 Malichi 2017 Microsoft inatulutsa chigamba chakutseka mng'alu wina mu Windows. Ambiri anati, Tidzachita mawa. Pa 12 Meyi chaka chomwecho pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowera pa mng'alu womwewo, nigwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko ngati 150. Ku England zipatala zina zinabweza odwala, ndipo anthu ngati 19,000 amene anapangana tsiku ndi sing'anga anauzidwa kuti asadze. Mankhwala anali pakhomo miyezi iwiri, koma sanamwedwe. Ndipo tisayese kuti mbala zotere sizidziwa njira ya ku Malawi. Mu Febuluwale 2024 a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawi ija, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba analowa m'makina opangira mapasipoti nafuna dipo; ndipo kwa masabata ambiri anthu ofuna kupita ku nchito, ku sukulu ndi ku zipatala za kunja anakhala alikulindira. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Alimi ayenera kumva ichi msanga koposa onse. Kodi makolo athu anadziwa mbozi zachilendo zija zimene zinalowa m'chimanga chathu m'dzinja la 2016 ndi 2017? Munda unali womwewo, mbeu yomweyo, mlimi yemweyo; chimene chinasintha ndiye mdani. Mlimi amene anati, Atate anga sanachite kanthu ndi mbozi, inenso sindichita, anakolola mapesi. Momwemo foni imene inali yolimba chaka chatha ikhoza kukhala yosatetezeka chaka chino, chinkana mwini sanaigwetse kapena kuinyowetsa. Paja tsabola wakale sawawa.

Chachitatu ndi ichi, kuti dziko limene pulogalamu igwiramo nchito siliima. Achikulire akumbukira chaka cha 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi, mashereni ndi makobiri. Mabuku a masamu a m'sukulu anali osang'ambika, masamu ache analinso oona. Koma anayenera kulembedwanso, pakuti mwana wophunzira kuwerenga mashereni sakadatha kugula mchere pa sitolo. Chomwechonso mu 2022, potuluka ndalama ya pepala ya K5,000, makina owerenga ndalama anayenera kuphunzitsidwa kuizindikira. Malamulo a msonkho asintha, mabanki asintha njira zao zakusungira chinsinsi, ndipo pulogalamu iri yonse ilankhula ndi zinzache za kutali zimene nazonso zirikusintha. Chifukwa chache mu Okutobala 2023 WhatsApp inaleka kugwira nchito pa mafoni okhala ndi Android yakale yosafika pa 5.0, ndipo pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inatseka nyengo ya chisamaliro chache cha nthawi zonse pa Windows 10, imene inatuluka mu 2015. Ofesi kapena sukulu yokhala ndi kompyuta yotere iyenera kudziwa ichi ndi kupangana chochita.

Tsopano timve madandaulo a otsutsa, pakuti sitifuna kuwapambana mwa kubisa mau ao. Ati, Apudeti idya bandulo. Nzoona, ndipo kwa munthu wogula mayunitsi a tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo, mtengowo suli wochepa. Koma tiyese pa muyeso. Mbali ina pali mtengo wa bandulo imodzi pa mwezi. Mbali ina pali zonse ziri m'foniyo, ndi dzina lako limene wakuba akhoza kupemphera nalo ndalama kwa abale ako onse. Munthu safolera nyumba chifukwa udzu ndi waulere. Afolera chifukwa adziwa mvula ya ku Ntchisi, ndi chifukwa matumba a chimanga ali m'katimo. Walira mvula walira matope: wakufuna kusunga ndalama m'foni alandirenso mtengo wa kuisamala.

Atinso, Apudeti ilemeretsa foni, kuti ugule ina. Pano pali choonadi chimene sitichikana. Mu 2018 boma la Italy linalipiritsa Apple ndi Samsung pa mlandu wa maapudeti amene anafooketsa mafoni akale, ndipo mu Febuluwale 2020 France inalipiritsa Apple mayuro mamiliyoni 25 chifukwa siinauze anthu kuti apudeti ina idzachedwetsa mafoni a mabatire okalamba. Atinso, Apudeti yomwe ikhoza kuononga. Ichinso chinachitika: pa 19 Julayi 2024 apudeti yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta ngati mamiliyoni 8.5, ndege zambiri nizilephera kunyamuka. Koma taonani chimene milandu iyi iphunzitsa. Iphunzitsa kuti eni mapulogalamu ayenera kuyesa nchito yao asanaitumize, ndi kunena zoona, ndi kulangidwa akanyenga. Siiphunzitsa kuti mng'alu usiyidwe wosatseka. Mmisiri akafolera denga moipa, tiitana wina, kapena timtengera kwa mfumu. Sitigona pa mvula kuti timkhaulitse. Ndipo cholakwa cha CrowdStrike chomwecho chinachotsedwa ndi kukonza kwina.

Pali chenjezo limodzi limene tiligwirizana ndi otsutsawo ndi mtima wonse. Akuba adziwa kuti mau akuti apudeti amveka aulemu, ndipo awabvala ngati chikopa cha nkhosa. Munthu aimba foni, nati ali ku kampani, alikukonza akaunti yanu, mumuuze nambala yachinsinsi. Kapena uthenga ufika wakuti, Tsegulani apa kuti foni yanu isatsekedwe. Abale, apudeti yoona siifunsa munthu kuti auze mnzache nambala yachinsinsi, siidza mwa uthenga wa mlendo, ndipo siifuna kuti mutumize ndalama kwa munthu. Idza mwa njira ziwiri: m'malo a foni otchedwa Settings, ndi mu Play Store kapena App Store. Dziwaninso kuti chigamba chitseka mng'alu wa makina, koma sichitseka pakamwa pa mwini. Wakuulula yekha nambala yache adzaberedwa ngakhale foni yache ikhale ya dzulo. Iwo a mafoni a mabatani, amene kukonza kwa zandalama kuchitikira ku makina a kampani, asunge chenjezo ili koposa.

Koma tikadakhala osalungama tikadadzudzula a kumudzi okha, ndi kuleka iwo amene mlandu wao uli waukulu. Pali mafoni ambiri m'manja mwa anthu athu amene eni ache sangathe kuwakonza ngakhale afune, popeza wopanga analeka kutumiza zigamba kalekale. Google mu 2023 ndi Samsung mu 2024 zinalonjeza zaka 7 za apudeti pa mafoni ao ena a mtengo wapatali; koma mafoni otsika mtengo, ndi akale ogwiritsidwa kale nchito kunja, amene ndiwo afika ku misika yathu, kawirikawiri asiyidwa msanga. Potero wosauka ndiye agona m'nyumba yopanda chitseko. Maiko a European Union anaona ichi, ndipo kuyambira pa 20 Juni 2025 lamulo lao lifuna kuti foni ilandire apudeti zaka zosachepera 5 kuchokera pamene mtundu wache waleka kugulitsidwa. Kodi mlimi wa ku Nthondo ndi wochepa kuposa wogula wa ku Paris? Tipempha bungwe la MACRA ndi aphungu athu a Dowa ndi Ntchisi kuti alingalire lamulo lakuti, pa foni iri yonse yogulitsidwa m'dziko muno, palembedwe poyera chaka chimene chisamaliro chache chidzatha, monga palembedwa pa botolo la mankhwala.

Tiri nao mau kwa opereka mphatso. Kupatsa sukulu kompyuta ndi chinthu chokoma, ndipo tithokoza. Koma wakupatsa mnzache ng'ombe ayenera kufunsa ngati pali busa ndi khola. Kompyuta yopanda munthu wakuisamala, yopanda ndalama ya intaneti yakulandirira zigamba, ikhala zaka ziwiri zitatu, pambuyo pache ikagona m'kabati ya mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mapu ong'ambika, ndipo makolo ati zinthu za makono nzachabe. Kuyambira mu 2023 Boma linayamba kugawa matabuleti m'masukulu a pulayimale mwa dongosolo lotchedwa BEFIT, kuti ana ang'ono aphunzire kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Tikondwera nacho, ndipo chifukwa tikondwera, tipempha makomiti a sukulu kuti afunse mafunso atatu pa mphatso iri yonse yotere, ingachokere kwa yani: Adzakonza ndani? Kwa zaka zingati? Ndalama yache idzachokera kuti? Safunsa anadya phula.

Pomaliza, tisamvedwe molakwa. Sitirikulalikira kuti munthu athamangire chatsopano chiri chonse, kapena agulitse mbuzi chaka ndi chaka kuti akhale ndi foni yonga ya mnzache. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mitundu yatsopano yambiri ingosintha maonekedwe, ndipo munthu akhoza kuilindira popanda choopsya. Chimene tinena ndi chakuti zigamba za chitetezo, ndi kukonza kwa mapulogalamu osunga ndalama, siziyenera kulindira; ndipo kusamala foni imene muli nayo ndiyo njira yakuti ikhalitse.

Chifukwa chache, abale, chitani chotere. Kamodzi pa mwezi, tsiku limene mupita ku msika kapena ku boma kumene netiweki iri yamphamvu, yambani mwadzaza batire, tsegulani Settings ndi Play Store, ndi kulola zimene zirikulindira, kuyambira za chitetezo ndi za ndalama. Malo akachepa, chotsani mavidiyo ndi mapulogalamu amene simuwagwiritsa nchito, pakuti pulogalamu iri yonse yosasamalidwa ndiyo khomo lina. Musalandire pulogalamu ya ndalama kuchokera pa foni ya mnzanu kapena pa memori khadi. Pogula foni, funsani wogulitsa chaka chimene inatuluka ndi ngati irikulandirabe zigamba. Akakwiya ndi funsolo, pitani pa sitolo ina. Foni ikakalamba kotero kuti siilandiranso kanthu, ikhale yoimbira ndi yomvera wailesi, koma ndalama zambiri zisagonemo. Ndipo inu anyamata ndi asungwana odziwa zinthu izi, musaseke agogo anu. Khalani nao pakhonde, muwaonetse pang'ono pang'ono, osawafunsa nambala yao yachinsinsi. Inu akulu amene mwakhala mukuletsa anzanu, mau anu alemera m'mudzi. Tikupemphani kuti kulemera kumeneko mukuike ku mbali ya kutseka chitseko.